Theka Limene Linapita ku Mbenji

Mukafika padoko lina la kumpoto kwa Lifuwu n'kufunsa za mayi Tiyanjane, anthu akuyang'anani ngati mwasochera. Koma mungoti "kwa a Theka", ngakhale wakabaza wobwera dzulo akulozerani nyumba yamalata yokhala ndi mathandala atatu oyanikira nsomba kuseri kwake.

Dzinali linachokera pa chitumbuwa. Tiyanjane ali mtsikana ankagulitsa zitumbuwa padokopo. Tsiku lina msodzi wina wamtali, wa makutu otambalala ngati zogwirira poto, anagula chimodzi, anachinyema pakati, n'kumubwezera theka.

"Ine sindidya ndekha," anatero.

Tiyanjane anaseka, pajatu kupatsidwa chitumbuwa chimene wakazinga wekha m'mawa si mphatso yoti n'kukaiulula kwa amalume. Komabe anadya. Msodziyo anali Pitala, ndipo chaka chisanathe anthu anavina ukwati wawo mpaka fumbi kobo.

Kuyambira pamenepo chilichonse m'nyumbamo chinkadulidwa pakati. Nzimbe pakati, chimanga chootcha pakati, sopo wochapira ankamudula ndi mpeni, theka lotsala kunyumba, theka lopita kunyanja. Chinthu chikakana kugawika bwino, mbali yaikulu inkapita kwa a Pitala, ndipo pamenepo Tiyanjane sankafuna mtsutso. Anzake ankamuseka kuti tsiku lina adzagawana ndi mwamuna wake ngakhale malungo. Iye ankangoti, "Akadwala iwo ine ndadwala kale."

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinakana kudulidwa: chilumba cha Mbenji. Kumeneko ndiko a Pitala ankapha utaka. Mwambo wa pachilumbapo aliyense wa m'mbali mwa nyanja amaudziwa: mowa sufika, njuga sizifika, ndipo mkazi sapondako phazi. Nyengo ya mvula chilumbacho chimatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo chikatsegulidwa mu Epulo amuna amanyamuka, kukakhala komweko mpaka chakumapeto kwa chaka. A Pitala ankabwera kunyumba mwina kamodzi pamwezi, kugona masiku awiri, kusiya zovala zonunkha utsi, n'kubwereranso.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri Tiyanjane anakhala moyo umenewo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Hope, anaphunzira kuyenda bambo ake ali ku Mbenji, anamera mano ali ku Mbenji, ngakhale tsiku limene anabwera ndi mnyamata woti amukwatire anachita kudikira boti. Tiyanjane ankagula utaka m'maboti, kuwuyanika, n'kugulitsa kwa amalonda ochokera ku Lilongwe. Manja ake anali pa nsomba, koma maso ankathawira kunyanja. M'mawa kukacha bwino chilumbacho chimaoneka patali ngati chulu, ndipo iye ankachitcha "mkazi mnzanga".

"Mkazi mnzanga uja wakudyetsani chiyani kuti muonde chonchi?" ankawafunsa a Pitala akangotsika m'boti.

Iwo ankaseka, kenako n'kuyamba kusimba. Tiyanjane ankachidziwa chilumbacho kudzera pakamwa pawo: miyala yoyera ndi zitosi za mbalame, msasa umene ankagona, mwala wautali umene munthu amakwerapo akafuna kuti foni igwire. Ankadana nacho, komanso ankachilakalaka, kungochiona kamodzi kokha n'kudziwa chimene chinkawalitsa nkhope ya mwamuna wake. A Pitala kumeneko sanali munthu wamba. Anali siginala, amene amatsogola ndi bwato laling'ono kufufuza pamene nsomba zasonkhana n'kuuza anzake poponya khoka. Ankati utaka amaumva ndi khungu.

Lachinayi lililonse ku mapemphero a amayi, ena akamapempherera ana ndi zokolola, Tiyanjane pemphero lake linali limodzi, ndipo sankalinena mokweza. Ankapempha kuti Mulungu awatopetse a Pitala ndi nyanja, akhale pakhomo, adzuke nawo limodzi chaka chathunthu. Anali atatopa ndi kudya theka lake yekha pakhonde.

Mu Juni wa 2022 mphepo ya Mwera inabwera ndi chisanu choluma. Tiyanjane anayamba kutsokomola, thupi kutentha, ndipo akapuma m'nthiti munkabaya. Anayesa kulimba mtima sabata yathunthu mpaka Hope, amene anakwatiwa ku Salima kuboma, anamukalipira pafoni kuti apite kuchipatala. Adokotala a pachipatala chaching'ono cha m'deralo anamumvetsera pachifuwa, analemba m'kabuku kake, n'kumupatsa kajumbo ka makapisozi ofiira mbali ina, achikasu mbali inayo. Pakajumbopo anachonga zithunzi zitatu: dzuwa lotuluka, dzuwa la pamutu ndi dzuwa lolowa.

"Katatu patsiku, masiku asanu ndi awiri," anatero adokotalawo. "Mumalize onse, mayi, ngakhale mutayamba kumva bwino. Ndipo musagawireko munthu."

Tiyanjane anavomera mwaulemu, manja pamodzi, koma panjira anaseka yekha. Kuuza a Theka kuti asagawire munthu! Zinali zoonekeratu kuti adokotalawo anali achilendo.

Mankhwalawo anagwira msanga. Pofika tsiku lachinayi m'mawa thupi linali litazizira, chifuwa chitapepuka, ndipo anabwerera ku mathandala ake. Ali mkati motembenuza utaka foni inalira. Anali a Pitala, ndipo mawu awo ankamveka pamodzi ndi mphepo, kusonyeza kuti anali atakwera pamwala uja.

"Make Hope, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, bambo a Hope. Nanga mawu anuwo abwerera kuti?"

"Aa, kanthu kakang'ono. Ndinaponda kampango m'bwato, munga wake n'kundilowa kuphazi. Lero ndi tsiku lachitatu. Latupa, nsapato sikulowa. Ndiye ndimati Lachisanu ndibwere ndi boti la a Salimu, ndikaonetse kuchipatala."

Mtima wa Tiyanjane unadumpha. Lachisanu! Anayamba kale kuganiza za nkhuku yoti aphe. Koma a Pitala anapitiriza, mawu atatsika.

"Kungoti utaka wagwa wambiri, make Hope. Zaka zisanu sindinauone chonchi. Ndipo pali mnyamata wina wa ku Senga Bay, maso ake ndi akuthwa. Ndikachoka sabata ziwiri, mwini khoka amuika pamalo panga. Munthu wa zaka zangazi ukatsika m'bwato sukweranso."

Tiyanjane ankawafuna kunyumba, ankawafuna kwambiri. Koma m'mawu aja anamva mantha a munthu amene akulandidwa dzina, ndipo anachita manyazi kuti iye akusangalala pamene mnzake akulira. Anayang'ana pawindo pamene panali kajumbo kaja. Anali atamwa khumi, otsala khumi ndi limodzi. Mbali yaikulu, monga mwa nthawi zonse.

"Bambo a Hope, musadandaule. Ndili ndi makapisozi a kuchipatala enieni, amphamvu. Ine andichiritsa masiku atatu okha. Ndikutumizirani mawa."

"Nanga inuyo?"

"Ine ndachira. Theka langa ndamwa kale."

Anamva a Pitala akuseka, kuseka kwa munthu amene watula mtolo, ndipo tsiku lonselo Tiyanjane anagwira ntchito akuimba.

M'mawa mwake anakulunga kajumboko pamodzi ndi paketi ya shuga ndi theka la sopo, n'kupita nazo kwa a Salimu, bambo wachisilamu amene boti lawo la injini linkanyamula ufa ndi nkhuni kupita kuchilumba n'kubwerako ndi nsomba. A Salimu atamva zimene zinali m'phukusimo anakanda ndevu.

"Walahi, mayi, phazi lija ndinaliona dzana, sindinalikonde. Bwanji angobwera?"

"Awatu si a m'golosale, a Salimu. Analemba ndi adokotala."

"Analembera iwowo?"

"Nanga ine ndi iwo tikusiyana pati?"

A Salimu analandira phukusilo ndi manja awiri n'kuliika pouma, pansi pa mpando.

Zimene zinachitika kuchilumba Tiyanjane anazimva pambuyo pake. A Pitala sanamwe katatu patsiku, poti palibe anawauza. Ankameza kapisozi mmodzi ululu ukakula. Ena ankawatsegula n'kuthira ufa wake pabala, monga asodzi ambiri amachitira, kumanga ndi kansanza, n'kulowanso m'madzi. Awiri anapatsa mnzawo amene dzino linkamuwawa, pajatu iwo sadya okha. Masiku awiri oyamba anadziuza kuti kutupa kukuchepa. Kenako phazi linada, kutupa kunakwera mpaka m'katumba, ndipo atavomera kuti tsopano apite kumtunda, Mwera unakalipa masiku asanu osalola boti lililonse kuwoloka.

Kumtundako nako zinthu zinali zitatembenuka. Patatha sabata chifuwa cha Tiyanjane chinabwerera, ndipo chinabwera ndi ukali woposa poyamba. Anagwa pakati pa mathandala, dengu lili m'manja. Hope anabwera ndi galimoto yahayala n'kupita naye kuchipatala chachikulu kuboma, kumene anati ndi chibayo, agonekedwe. Makapisozi aja sanawabwerezenso. Anamuika diripi ndi majakisoni a m'mitsempha.

Tsiku lachitatu Hope analowa m'wodi ya amayi atanyamula mabeseni awiri m'malo mwa limodzi. Anakhala m'mphepete mwa bedi osayang'ana mayi ake kumaso.

"Beseni linalo n'la yani?" anafunsa Tiyanjane.

"Ababa abwera, amayi. Ali kuwodi ya abambo."

Zaka zonse zija chowalekanitsa chinali nyanja. Tsopano linali khonde la simenti la mayadi makumi atatu, ndipo Tiyanjane analibe mphamvu zoliwoloka. Anagona masiku awiri akumva mawilo a mabedi akudutsa, akudzifunsa ngati limodzi mwa iwo lanyamula mwamuna wake. Atamuchotsa diripi anayenda chogwira khoma mpaka anafika. Fungo ndilo linayamba kumulonjera. A Pitala anali atatsamira pilo, makutu aja ataoneka aakulu kuposa kale chifukwa nkhope inali itatha.

"Mwabwera, make Hope? Mkazi mnzanu uja wandiluma," anatero, akuyesa kumwetulira.

Adokotala a m'wodimo, mayi wamfupi wa magalasi, anafunsa chimene wodwalayo anamwa asanafike. Tiyanjane anaulula zonse, osabisa kanthu. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina zikanamupepukira akanakalipiridwa. Koma adokotalawo anakoka mpando n'kukhala.

"Mayi, mankhwala amenewa sali ngati panado woti aliyense amwe. Mtundu uliwonse uli ndi tizilombo take timene umapha. Amene munapatsidwa aja anali a m'chifuwa mwanu. Tizilombo ta bala la m'madzi nthawi zambiri sitiwamva n'komwe. Ndiye kwa inu theka silinakwane, matenda anangogona n'kudzukanso. Kwa bambowa, ngakhale akanamwa onse, sakanachira nawo. Komanso tawapeza ndi matenda a shuga, amene amachititsa kuti bala lisapole msanga. Chimene ankafunika ndi kufika kuno sabata yoyamba ija."

"Ndiye mwendowu?"

Adokotala anavula magalasi. Anati ayesetsa, koma zoola zakwera, ndipo akazengereza ataya munthu yense. M'mawa mwake anaudula m'munsi mwa bondo.

A Salimu anabwera kudzazonda Lamlungu, atanyamula nthochi. Anali munthu wabwino, ndipo zimene ananena sananene kuti apweteke wina. Ankangokumbukira mokweza, monga anthu amachitira pafupi ndi bedi la wodwala.

"Nditafika tsiku lija ndinawapeza atamanga kale chikwama, atakhala pamwala kudikira boti. Anati usiku phazi silinawagonetse, ndiye angobwera basi, za usiginala zikhale. Nditawapatsa phukusi lanu analitsegula, anayang'ana, n'kuti, 'Mayi atumiza theka lawo. Ndikabwerera nalo ndiye kuti ndawanyoza.' Basi anamasula chikwama."

Tiyanjane anatuluka panja. Anakhala pansi pa mtengo pamene odikirira odwala amayanika zovala, analira mosabisa, anthu akumuyang'ana. Munthu anali atanyamuka kale kubwera kwa iye. Chimene anachipempha zaka zonse chinali pamwala, chikwama m'manja, ndipo amene anachibweza ndi iye mwini, ndi manja ake, atachikulunga bwinobwino pamodzi ndi shuga.

A Pitala sanamunenepo mawu oipa, ngakhale tsiku limodzi. Atatuluka m'chipatala ankauza obwera kudzawaona kuti, "Ifetu ndi a Theka. Miyendonso tagawana, wina wanga, wina wa adokotala." Anthu ankaseka, ena mpaka misozi. Tiyanjane nthabwala imeneyo sankaiseka, ndipo akaimva ankapeza chochita kuseri kwa nyumba.

Lero a Pitala amakhala pakhomo chaka chathunthu. Amadzuka limodzi, amamwa tiyi limodzi, ndipo akatha iwo amatenga ndodo zawo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kusoka maukonde a anthu ena. Manja awo ndi aluso, ntchito siwasowa. Pemphero lija linayankhidwa lonse, popanda chotsala. Walira mvula walira matope, amatero akuluakulu, koma Tiyanjane mwambi umenewu safuna kuumva pakamwa pa munthu.

Padoko Tiyanjane anasanduka munthu wovuta. Akaona mayi akupereka phukusi kwa a Salimu amafika n'kufunsa, "Muli makapisozi m'menemo?" Ena amamuyankha mwaulemu, ena amamuuza kuti asamale zake. Iye satopa. Amawauza kuti mankhwala olembedwa ndi adokotala ali ndi mwini wake mmodzi, amwedwe monga ananenera mpaka atathe, ndipo munthu akavulala kuchilumba chomutumizira ndi uthenga woti akwere boti. Akakanika amangoloza kumtengo wa mango. Mapilitsi a shuga a a Pitala amawasunga m'chitini pamwamba pa kabati, ndipo ndi chinthu chokhacho m'nyumbamo chimene sichidulidwa pakati.

Epulo wa chaka chino, tsiku lonyamuka maboti, a Pitala anadzuka m'mamawa n'kuvala malaya awo abuluu a kunyanja. Zaka ziwiri zapitazo tsiku ngati limeneli ankadzitsekera m'nyumba. Ulendo uno anati akufuna akaone. Tiyanjane anawaitanira kabaza, iye n'kumatsatira pambuyo atanyamula ndodo.

Padoko panali piringupiringu. Matumba a ufa, migolo ya petulo, nkhuni, amayi akupereka malangizo amene amuna awo sankawamva. Siginala watsopano, wa ku Senga Bay uja, anabwera kudzagwada pamaso pa a Pitala n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Iwo anamuuza kuti chaka chino Mwera ufulumira, asamachedwe kumpoto kwa miyala. Kenako injini zinalira, maboti anayamba kutuluka limodzilimodzi.

Tiyanjane anapezeka ataima pamalo ake akale, pafupi ndi bwato lakutha limene lakhala pamchengapo zaka zambiri. A Pitala anakhala pabwatolo, ndodo atazigoneka pambali. Iye anagula chitumbuwa kwa mtsikana wina, anachinyema, n'kuwapatsa mbali yaikulu. Analandira osayang'ana. Maso awo anali pa boti lachitatu, ndipo milomo inkagwedera pang'ono ngati akuuza woyendetsa pokhotera. Nkhope imeneyo Tiyanjane anaizindikira. Inali yake, imene anaivala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

"Make Hope," anatero a Pitala patapita nthawi, "kodi nthawi yonse ija munkaima pompano?"

"Pompano."

"Mpaka liti?"

"Mpaka boti lisowe."

"Ndiye likasowa?"

"Ndinkapita kukayanika nsomba."

A Pitala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Chitumbuwa chinali chikadali m'manja.

"Nanga zimayamba kupepuka mwezi uti?"

Tiyanjane anafuna kuwanamiza, kuwauza kuti pofika Juni munthu umazolowera. Koma anali atawapatsapo kale chinthu chotonthoza chimene sichinali mankhwala ake.

"Sizipepuka, bambo a Hope," anatero.

Anakhala pambali pawo, phewa kukhudza phewa. Mwamuna wake anali pompo, wofunda, wamoyo, ndipo ankathokoza Mulungu pa chimenecho. Koma mumtima mwake munali pemphero latsopano limene sakanalinena ngakhale ku mapemphero a Lachinayi. Ankalakalaka atamusiyanso. Ankalakalaka ataona msana wamtali uja ukulowa m'madzi ndi miyendo iwiri, chikwama pamutu, osacheuka, iye n'kutsala yekha pamchenga ndi theka la sopo, kuwerenga masiku.

Boti lomaliza litasowa anawapatsa ndodo zawo, ndipo anayamba ulendo wobwerera kunyumba, iye akufupikitsa mapazi kuti ayendere limodzi.